Mlandu wa Mwana Suthera Kuseri kwa Nyumba

Ife amene tikukamba nanu mwezi uno ndife banja lina la ku Ndirande, mu mzinda wa Blantyre, umene akuluakulu amautcha Kabula. Tidachoka kwathu ku Chiradzulu kalekale, tili ndi mwana mmodzi kumsana, kudzafuna ntchito. Tsopano imvi zatuluka, ndipo ana athu ali pa okha. Nkhani imene tifuna kukuuzani si yotitamanda ayi, pakuti m'kati mwake muli kulakwa kwathu. Koma tayesa kuti nkwabwino tichite manyazi ife akulu, kusiyana ndi kuti mwana winanso aone zimene adaona mwana amene tidamdziwa.

Mudziwa inu mwambo umene ulipo pakati pa mudzi ndi tauni. Chaka chikavuta, chimanga chikatha m'nkhokwe mvula isanagwe, kumafika munthu wa ku tauni, kapena mbale, kapena mnansi wakale, nati: "Ndipatseni mtsikanayu akandithandize kulera khanda; ndikamdyetsa, ndikamuveka, ndikamlowetsanso sukulu." Makolo, poona kuti dzanja limodzi lichepa pa mbale ya nsima, amavomera, namperekeza mwanayo ku msewu ndi kathumba kake ka zovala. Basi ikafika ku Limbe kapena ku Wenela, mwana uja amalowa m'khamu la anthu, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibenso wa kwawo amene amamuona ndi maso. Sitinena kuti onse otenga ana ndi oipa ayi. Ambiri amasunga pangano lawo, ndipo ifenso tidalerapo ana a abale athu mpaka adatsiriza sukulu. Koma mwana wokhala kutali ndi mayi wake alibe mwini, ngati anansi a kumene wapitako sakhala eni ake.

M'chaka cha 2018, m'nyumba yoyandikana ndi yathu mudafika mtsikana wa zaka 12. Dzina lake ndi la mudzi wake sititchula, pakuti ali moyo, ndipo ayenera kukula osalozedwa chala. Tinkamuona mbandakucha ali pa mzere wa pa mpope ndi ndowa yoposa msinkhu wake. Tinkamuonanso masana, anzake ali ku sukulu, iye ali kuchapa matewera, khanda lili kumsana. Ndipo usiku, nyali za ena zitazima, tinkamumva akali kukwecha mapoto. Mwezi woyamba ankatipatsa moni mogwada, monga aphunzitsidwira ana a kwathu, namwetulira. Mwezi wachitatu kumwetulira kuja kudatha. Mwezi wachisanu adayamba kuyenda chozyolika, ndipo bambo wa m'nyumbamo akamalowa pa chipata, mwanayo ankathawira kuseri kwa bafa monga mwanapiye woona kabawi.

Zonsezi tidaziona ndi maso athu awa. Nanga tidachitapo chiyani? Tidanong'onezana usiku m'nyumba mwathu, ndi kumanga mfundo yakuti za m'nyumba ya eni sazilowerera. Bambo uja adali munthu waulemu pamaso pa anthu, wa ntchito yabwino, wosonkha msanga pa maliro. Mkazi wake ankalawirira ku msika kukagulitsa kaunjika, nabwerako dzuwa litalowa. Tidaopa kudana ndi anansi, tidaopa kutchedwa amiseche, tidaopanso apolisi, chifukwa ife a kumudzi tidakula ndi mtima wakuti wopita ku boma ngati mboni amakasanduka wamlandu. Chotero tidakhala chete miyezi 6, ndipo kukhala chete kwathuko ndiko kudali mpanda wotchinjiriza woipayo.

Tsiku lina Lachitatu usiku, mvula ili kugwa pa malata, tidamva kugogoda pang'onopang'ono pa chitseko cha kuseri. Amayi a m'nyumba muno atatsegula, adapeza mwana uja atanyowa, ali kunjenjemera. Iye adati: "Amayi, ndisungeniko usiku uno wokha, mawa ndidzapita kwathu wapansi." Atamfunditsa nsalu ndi kumpatsa tiyi, mwanayo adaulula, mawu akudukaduka, kuti bambo uja wakhala ali kumgwirira kawirikawiri, kuti adachitanso zimenezo dzulo lake masana, ndi kuti adamuopseza kuti akadzangonena, makolo ake adzamangidwa chifukwa cha ndalama zimene adalandira pomtenga iye. Taonani bodza limene lidamanga mwana pakamwa miyezi yonseyo: ankapirira kuti apulumutse mayi wake.

Ngakhale pamenepo, tidatsala pang'ono kulakwanso. Bambo a m'nyumba muno adati: "Mwanayu ali ndi atsibweni ake, titumize mawu kumudzi, mwini mbumba abwere, ndiye adzanene chochita." Mawu amenewa adamveka anzeru, pakuti ndimo tidaleredwera. Koma m'mamawa tidaitana agogo ena a mu mphakati wathu, amene adagwirapo ntchito m'chipatala zaka zambiri, kuti atipatse maganizo. Iwo atamva, sadakhale ndi pansi pomwe, koma adati: "Ana anga, mwini mbumba adzafika Lamulungu, koma mankhwala sadikira Lamulungu. Nyamukani tsopano lino." Ndipo adatiuza chimene ife sitinkachidziwa, chimenenso tikupemphani muchisunge m'mutu monga musungira tsiku lobzala: alipo mankhwala oletsa kachirombo ka HIV kukhazikika m'thupi mwa munthu wogwiriridwa, koma amathandiza pokhapokha akayambidwa asanathe maola 72, ndiwo masiku 3, ndipo kufulumira ndiko kwabwino koposa. Kuwerenga kuyambira Lachiwiri masana, nthawi ya mwana uja ikadatha Lachisanu.

Tidakwera minibasi mpaka ku Ginnery Corner, ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene ambiri timachitcha Gulupu. Kumeneko kuli nyumba yapadera yotchedwa Chikwanekwane, ndipo dzinalo lifotokoza lokha ntchito yake. Kale mwana wochitidwa choipa chotere ankayamba wapita ku polisi, kuchoka uko ku chipatala, kuchoka uko ku ofesi ya zosamalira anthu, ndipo pa khomo lililonse ankabwereza nkhani yake yowawa kwa munthu wachilendo. Ambiri ankalema pa njira, nabwerera kwawo osathandizidwa. Tsono Boma, mogwirizana ndi mabungwe othandiza ana, lidasonkhanitsa onsewa pansi pa denga limodzi: wa chipatala wopima ndi kupereka mankhwala, wapolisi wolemba mlandu, wa zosamalira anthu woona kumene mwana akagone mosaopa, ndi mlangizi wotonthoza mtima. Mwana wathu uja adamlandira mwaulemu, osamkalipira, osamfunsa chifukwa chimene sadakuwire. Adampima, nalemba zimene adapeza kuti zikakhale umboni, nampatsa mankhwala a masiku 28. Sitidalipire kanthu.

Lamulungu adafika mwini mbumba, munthu wosauka, nsapato zake zili zong'ambika. Koma asanalowe n'komwe m'nyumba mwathu, abale a bambo uja adali atakumana naye kale pa njira, namlonjeza ndalama, mbuzi ndi matumba a feteleza, ngati akapita kukanena kwa apolisi kuti nkhaniyo yatha pachibale. Iye adakhala pa mphasa, natiyang'ana ndi maso ofiira, nati: "Achimwene, mwatiyalutsa. Mwanayu akamveka, adzamkwatira ndani? Zikadathera kuseri kwa nyumba, bwenzi ife titapezapo polimira, iyenso atabwerera kwawo mwakachetechete." Sitidamuyese munthu woipa ayi, adalankhula monga akadalankhulira ambiri a ife, njala ili pakhomo. Koma tidamkanira, ndipo zifukwa zimene tidampatsa tsiku lija ndizo tifuna kuziika pamaso panu.

Mwambo wathu wokambirana milandu pachibale ndi pa bwalo la amfumu ngwabwino ndithu, ndipo wasunga midzi yathu mu mtendere zaka zosawerengeka. Mbuzi ikadya chimanga cha mnansi, malire a munda akasokonezeka, anthu akatukwanizana pa mowa, nkhuku kapena ndalama zimatsiriza mlandu, chifukwa wolakwiridwa ndiye amene alandira, ndipo chotayika chimabwezeka. Koma pa mlandu wa mwana, wolandira ndi wina, wopwetekedwa ndi wina. Feteleza amapita ku munda wa akulu, bala limatsala m'thupi ndi mumtima mwa mwana. Ndipo mwanayo amaphunzira kuti abale ake adamuyesa mtengo, napeza kuti alingana ndi mbuzi. Komanso munthu amene wagula ufulu wake kamodzi amadziwa kuti angathe kuugulanso. Chaka cha mawa adzapita ku mudzi wina, mwina wanu, kukapempha mtsikana wina wolera khanda. Chifukwa chake mlandu wotere suli m'manja mwa mwini mbumba, ngakhale mwa nyakwawa, ngakhale mwa akulu a mpingo. Ndi mlandu wa Boma, woweruzidwa ku bwalo la milandu, ndipo chilango chake chingathe kufika pa kukhala m'ndende moyo wonse.

Musayese kuti nkhani yathuyi ndi ya m'nyumba imodzi yokha. M'chaka cha 2013 Boma lidatuma anthu m'dziko lonse la Malawi kukafunsa anyamata ndi atsikana a zaka 13 mpaka 24 za zimene zidawaonekera pa ubwana wawo. Adapeza kuti mtsikana mmodzi mwa 5 aliwonse, ndi mnyamata mmodzi mwa 7 aliwonse, adachitidwapo zachipongwe zokhudza thupi lake asanafike zaka 18; adapezanso kuti ochita zimenezi kawirikawiri sadali alendo obisala m'tchire, koma anthu odziwika kwa mwanayo, ndi kuti ana amene adalandira chithandizo adali ochepa ndithu. Werengani atsikana a m'kalasi limodzi la sukulu ya kwanu, mugawe pasanu, ndipo mudzamvetsa chimene chidatisowetsa tulo. Onaninso kuti anyamata ali m'chiwerengeromo. Iwo amabisa koposa, poopa kusekedwa.

Malamulo otchinjiriza ana alipo, ndipo nkofunika kuti kholo lililonse liwadziwe. M'chaka cha 2010 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana. Lamulo limeneli liletsa kugulitsa kapena kuzembetsa mwana, kumkakamiza ukwati, kumpereka ngati chikole cha ngongole, ndi kumchita miyambo yoononga thupi lake. Lidakhazikitsanso mabwalo apadera oweruza nkhani za ana. Koma chimene chidatilasa ife mtima ndi ichi: lamulolo likuti wachibale, wolera ana, wa chipatala, ngakhale mnansi wamba, akakhala ndi chifukwa chokhulupirira kuti mwana ali kuzunzidwa, ayenera kukanena kwa apolisi kapena kwa a zosamalira anthu. Tsono kukhala chete kwathu kwa miyezi 6 kuja, kumene ife tinkakutcha ulemu, kudali kulephera pa udindo. M'chaka cha 2015 lamulo la maukwati lidaika zaka 18 kukhala msinkhu wokwatira kapena kukwatiwa, ndipo m'chaka cha 2017 malamulo aakulu a dziko adakonzedwa kuti aliyense wosafika zaka 18 ayesedwe mwana, ndi kuti ngakhale chilolezo cha makolo chisatsegule khomo la ukwati wa mwana. Choncho mawu aja akuti "amene wamuononga amkwatire basi" ndi mlandu wachiwiri pamwamba pa woyamba.

Makomo okanenako aliponso ambiri. Pa polisi ya Blantyre, ya Limbe, ndi m'mapolisi a m'maboma mwanu, muli chipinda chapadera cholandirira anthu ochitidwa nkhanza. Pa boma lililonse pali ofesi ya zosamalira anthu, ndipo ili ndi antchito ake oyang'anira za ana m'madera. M'sukulu zambiri za pulayimale muli magulu a amayi otsata atsikana amene aleka kubwera. Ilipo nambala ya lamya, 116, imene mwana kapena wamkulu angathe kuimba kwaulere. Amaiyendetsa ndi a bungwe la YONECO la ku Zomba. Ndipo chifukwa ana ambiri othawa nkhanza m'nyumba amakathera m'makonde a masitolo a ku Limbe ndi mu Blantyre, kumene timawatcha ana amasikini ndi kuwalambalala, alipo mabungwe monga Chisomo Children's Club, amene kuyambira m'chaka cha 1998 amawatsata m'misewu, nayesa kuwabwezera kwa abale awo ndi ku sukulu.

Komatu makomo onsewa sadzitsegula okha. Antchito a Boma ndi ochepa, mzinda ndi waukulu, ndipo palibe wapolisi amene angathe kuona za m'kati mwa mpanda uliwonse wa ku Bangwe, ku Mbayani, ku Chilomoni kapena ku Zingwangwa. Woona ndiye mnansi wotunga madzi pa mpope womwewo, mphunzitsi woitana maina m'mamawa, mayi wogulitsa makala, mnzathu wa mu mphakati. Lamulo limagona m'buku mpaka mmodzi wa amenewa atalankhula. Makolo athu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ife tidaudziwa mwambiwo kuyambira ubwana, koma tidaugwiritsa ntchito pa kutuma ana a eni, osati pa kuwatchinjiriza.

Ndiponso pasakhale munthu wobisala m'chovala chake kapena m'udindo wake. Eklezia yemwe adaphunzira zimenezi ndi misozi, ataona kuti m'maiko ambiri ana adalakwiridwa ndi amene adayenera kuwaweta, ndipo akulu ena adabisa poopa manyazi. M'mwezi wa Febuluwale 2019 malemu Papa Francis adaitanira ku Roma atsogoleri a maepiskopi a dziko lonse lapansi pa nkhani yomweyi, ndipo m'mwezi wa Meyi chaka chomwecho adalamula kuti ansembe ndi a m'zipani akadziwa za choipa chotere, asachikwirire koma akachinene. Tsono wolakwayo akhale mphunzitsi, akhale mkulu wa kwaya, akhale wansembe, akhale mwamuna wa m'nyumba mwanu momwe, njira ndi imodzi yomweyo. Kumbukirani Charles Lwanga wa ku Uganda, amene adatchinjiriza anyamata a ku nyumba ya mfumu Mwanga ku zilakolako za mfumuyo, natenthedwa ku Namugongo m'chaka cha 1886. Iye sadanene kuti za m'nyumba ya mfumu sazilowerera.

Tsopano, inu makolo a kumudzi, timvereni mawu pang'ono. Choyamba, ngati nkotheka, mwana wamng'ono akhale pafupi ndi mayi wake. Sukulu ya pulayimale ya Boma yakhala yaulere kuyambira m'chaka cha 1994, ndipo nsima yochepa ya kwawo iposa mpunga wodyera m'mantha. Chachiwiri, ngati umphawi wakukakamizani kumtumiza, musamtumize kwa munthu amene simudziwa khomo lake; mperekezeni nokha, muone pamene azikagona ndi chitseko chake, mufunse dzina la sukulu, mupeze mnansi mmodzi kapena mkulu wa mphakati wa kumeneko, mumuuze kuti: "Uyu ndi mwana wanga, mundionereko." Chachitatu, muzilankhula naye pa lamya iye ali yekha, ndipo pa tchuthi abwere kwanu, wokana kuti mwana alankhule ndi mayi wake ali nacho chimene abisa. Chachinayi, muuzeni mwana asananyamuke kuti thupi lake nlake, kuti palibe ngongole imene ingamange makolo ake iye akaulula, ndi kuti akadzanena mudzamkhulupirira. Chachisanu, choipa chikachitika, musammenye, musamtonze, musadikire msonkhano wa abale. Sungani zovala zake osachapa, thamangani naye ku chipatala cha pafupi tsiku lomwelo, ndipo ngakhale masiku 3 atapitirira, pitanibe, pakuti chithandizo china chilipo.

Mlandu wa mwana uja udatenga miyezi yambiri, ndipo akuluakulu adanena zoona kuti mlandu suwola. Mkazi wa bambo uja adatitukwana pa mpope, anansi ena adaleka kutipatsa moni, ndipo mwini mbumba adabwerera kumudzi osatsazika. Tsiku lopereka umboni wathu, woweruza adatifunsa kuti: "Mudayamba liti kuona kuti mwanayu sali bwino?" Tidayankha zoona, ndipo m'bwalomo mudati zii. Palibe amene adatidzudzula, koma sitidamvepo manyazi otere chibadwire. Bambo uja adapezeka wolakwa, nalowa m'ndende. Mwana adabwerera kwa mayi wake, ndipo atampimanso patapita miyezi, adapezeka wopanda kachirombo. Adalowanso sukulu, m'kalasi la ana ocheperapo msinkhu, napirira.

Chaka chitatha, mayi wake adafika pakhomo pathu ndi lichero la nandolo, nagwada, nati: "Amayi ndi bambo, ndilibe chokuthokozerani nacho." Tidalandira, poopa kumkhumudwitsa, koma nandolo ameneyo adativuta kumeza, pakuti iye ankathokoza za usiku umodzi umene tidatsegula chitseko, ife tinkakumbukira miyezi 6 imene tidachitseka. Kuyambira pamenepo, mu mphakati mwathu tidapangana kuti mwana wachilendo akafika m'dera lathu, amayi awiri azipita kukamlonjera, kufunsa kwawo ndi sukulu yake, ndi kumuonetsa khomo limene angagogode usiku. Si ntchito yofuna ndalama ayi, ndipo mungathe kuiyamba m'mudzi mwanu mwezi uno. Lero madzulo, pamene mukhala pa mphasa, werengani ana a m'mbumba mwanu amene ali kutali, ndipo mufunsane kuti womaliza kuwaona ndi maso ndani.